Kayezedwe ka mkono wa mwana pofuna kudziwa ngati akunyentchera

Mwana sanyentchera tsiku limodzi. Amatha pang'onopang'ono, ndipo amene amakhala naye tsiku ndi tsiku ndi amene amachedwa kuona, chifukwa diso limazolowera. Mayi amene amamusambitsa m'mawa uliwonse saona kusiyana kwa dzulo ndi lero. Amadzadzidzimuka mlendo akafika n'kufunsa kuti, “Kodi mwanayu anadwala?” Kalamba koyezera mkono kamagwira ntchito ya mlendo ameneyu, kamanena zimene diso lozolowera laleka kuona.

Kalambaka ndi kamene azaumoyo amakatchula kuti MUAC, chidule cha dzina lake la Chingerezi. N'kopyapyala, kopindika mosavuta koma kosatamuka, ndipo kali ndi manambala komanso mitundu itatu: wofiira, wachikasu ndi wobiriwira. Kumutu kwake n'kotambalala, ndipo kumeneko kuli kabowo kolowetsapo mchira, kazenera kowerengerapo nambala, ndi timivi tolozera pamene muyenera kuyang'ana. Kuyeza mwana mmodzi sikutha n'komwe mphindi ziwiri. Kuphweka kumeneku n'kumene kumapusitsa anthu. Mamilimita awiri kapena atatu okha, otayika chifukwa chokoka kwambiri kapena kulekerera, ndi okwana kuchotsa mwana pa mtundu wake weniweni n'kumuika pa wina. N'chifukwa chake ndikhalitsa pa tinthu tooneka ngati tachabechabe.

Chifukwa chiyani mkono?

Pakati pa phewa ndi chigongono pali fupa limodzi, mnofu, ndi mafuta a pansi pa khungu. Mwana akamadya moperewera, kapena akadwala matenda monga kutsegula m'mimba, chikuku, malungo ndi chibayo, thupi limayamba kudzidya lokha. Limatha mafuta kaye, kenako limalowa mnofu. Fupa silichepa, choncho mkono ukamachepa ndiye kuti mafuta ndi mnofu zikupita. Chinanso n'chakuti kuyambira chaka chimodzi kufika zaka zisanu, mkono wa mwana wathanzi umanenepa pang'ono kwambiri ngakhale iye akutalika ndi kulemera. Izi n'zimene zimalola kuti malire amodzi agwire ntchito pa ana onse a miyezi 6 mpaka 59, popanda kuwerengetsa chilichonse pa tchati.

Njirayi inadziwika kwambiri pa nkhondo ya ku Biafra, ku Nigeria, pakati pa 1967 ndi 1970, pamene opereka thandizo anali ndi ana anjala osawerengeka ndipo panalibe nthawi yoti aliyense akwere sikelo. M'zaka za m'ma 1970 kunabwera nzeru yopaka mitundu pa kalamba kuti ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga athe kuyeza. Ndipo m'zaka za m'ma 2010, kafukufuku wa bungwe la ALIMA ku Niger anaonetsa kuti amayi ophunzitsidwa kwa nthawi yochepa amatha kupeza mtundu wolondola wa ana awo mofanana ndi ogwira ntchito zaumoyo. Ndikunena izi kuti kholo lisadzikayikire. Ntchitoyi ndi yanu ndithu, bola muiphunzire bwino.

Musanagwire mwana

Yambani ndi kalamba komwe. Mu 2009 mabungwe a WHO ndi UNICEF anakweza malire a kunyentchera kwambiri kuchoka pa mamilimita 110 kufika pa 115, koma timalamba takale tikadapezekabe m'madirowa. Yang'anani pamene mtundu wofiira ukuthera. Ngati ukuthera pa 115, kapena pa 11.5 pa timalamba tolembedwa m'masentimita, kali bwino. Ngati ukuthera pa 110, kasiyeni, chifukwa kakhoza kukubisirani mwana amene ali pangozi. Kalamba kothyoka, kong'ambika pa kabowo kapena kofufutika manambala nakonso musakadalire.

Kenako tsimikizani msinkhu wa mwana, makamaka poona m'kabuku kake ka kusikelo. Mitundu ya pa kalambaka ndi ya ana amene akwanitsa miyezi 6 koma sanakwanitse zaka 5. Khanda losakwana miyezi 6 limene mukuliona kuti silikukula bwino mupite nalo kwa azaumoyo akaliyeze pa sikelo ndi kuona mmene likuyamwira. Ana akuluakulu ndi amayi oyembekezera nawo amayezedwa mkono, koma ali ndi malire awo ndi lamba wawo.

Pezani malo owala bwino, sambani m'manja, ndipo konzeranitu cholembera. Mwana wamng'ono akhale pamiyendo pa mayi ake kapena aliyense amene amamuzolowera. Wamkulupo akhoza kuimirira. Mwana amene akulira ndi kupalapata amalimbitsa mkono, ndipo nambala imene mungapeze pamenepo si yake. Musalimbane naye. Mpatseni kalambako akagwire, muyeze dzanja la mayi ake iye akuona, kapena ayamwe kaye. Mphindi zisanu zodikira sizikutayitsani kanthu.

Muvuleni malaya kumkono wamanzere mpaka phewa lonse lionekere. Kungopinda dzanja la malaya sikokwanira, chifukwa nsalu yopindidwa imabisa fupa la phewa ndipo imafinya mnofu. Mkono wamanzere ndi umene unagwirizanidwa kuti aliyense aziyeza mofanana. Kusiyana kwa mikono iwiri mwa mwana wamng'ono n'kochepa, koma chofunika n'chakuti muziyeza mkono womwewo nthawi zonse kuti manambala anu athe kuyerekezeka. Ngati wamanzere uli ndi bala, watupa kapena ndi wolumala, yezani wamanja ndipo mulembe kuti mwatero.

Kupeza pakati pa mkono

Mkono si wofanana kukula kuchokera pamwamba mpaka pansi, choncho malo oyezera ayenera kukhala amodzi: pakati penipeni pa nsonga ya phewa ndi nsonga ya chigongono.

Pindani mkono wa mwana pa chigongono kuti upange ngodya ngati ya buku, dzanja lili chapamimba. Ndi chala chanu tsatirani pamwamba pa phewa kuchokera kukhosi mpaka mutamva pamene fupa likuthera, mkono n'kuyamba kutsika. Imeneyo ndiyo nsonga ya phewa. Nsonga ya chigongono ndi kafupa kosongoka kumbuyo kwa chigongono, kamene kamatulukira bwino mkono ukapindidwa. Ikani poyambira manambala a kalamba pa nsonga ya phewa, tsitsani kalambako molunjika mpaka pa chigongono, ndipo werengani utali wake. Gawani pawiri. Mwachitsanzo, mukapeza mamilimita 160, pakati ndi pa 80. Ngati masamu akuvuta, gwirani kalamba pa malo a chigongono n'kukakweza mpaka pakumane ndi poyambira paja, ndipo pamene kakhotera m'pamene pali pakati. Ingosamalani kuti musakathyole. Ikani kadontho ka cholembera pakhungu pamenepo.

Amene azolowera amatha kupeza pakati ndi maso okha, ndipo nthawi zambiri saphonya kwambiri. Komabe munthu amene akuyamba kumene ndimamulimbikitsa kuti aziika kadonthoko mpaka dzanja lizolowere, chifukwa ongoyamba amakonda kukwera kufupi ndi m'khwapa, kumene mkono ndi wonenepa.

Kukulunga ndi kuwerenga

Tsopano wongolani mkonowo ulendewere momasuka m'mbali mwa thupi. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Amapeza pakati bwinobwino, kenako n'kuyeza mkono ukadali chipindire. Mkono wopinda umatukumula mnofu ndipo umawonjezera mamilimita amene mwanayo alibe, ndiye wofunika thandizo amabwerera kunyumba atauzidwa kuti ali bwino.

Zungulizani kalamba pa kadontho kaja, manambala akuyang'ana kunja. Lowetsani mchira m'kabowo n'kukoka pang'onopang'ono. Musanawerenge, suzumirani kumbuyo kwa mkono. Kalambako kagone bwino pakhungu mbali zonse, kasapotoke, kasapendekeke mbali ina kukwera ina kutsika, ndipo pasakhale chala chanu kapena nsalu pansi pake.

Nanga mukoke mpaka pati? Kalamba kakhudze khungu kuzungulira mkono wonse popanda mpata, koma kasalowe m'mnofu. Mukaona khungu likutukumuka m'mbali mwa kalamba kapena likuchita makwinya, mwathinitsa, ndipo nambala ikhala yochepa kuposa yeniyeni. Mukaona kampata pakati pa khungu ndi kalamba, kapena kalambako kakutsetsereka kokha, mwalekerera, ndipo nambala ikhala yaikulu. Kulakwitsa konseku n'koipa, koma kulekerera n'kumene ndimaopa kwambiri. Mwana amene mwamuthinitsa mudzamutumiza kuchipatala ndipo kumeneko akamuyezanso. Amene mwamulekerera palibe adzamuyezenso mpaka atafooka. Pali chiyeso china chimene aliyense woyeza ayenera kuchidziwa: nambala ikakhala pafupi ndi malire, mtima umafuna kuti mwana akhale pabwino, ndipo dzanja limamasula lokha osazindikira. Muzikoka mofanana nthawi zonse musanayang'ane n'komwe pa kazenera.

Weramani kuti maso anu alunjike pa kazenera, osayang'ana chammbali kapena kuchokera pamwamba. Werengani nambala imene ili pakati pa timivi, itchuleni mokweza, ndipo ilembeni nthawi yomweyo pamodzi ndi tsiku. Musaizungulize kuti ikhale nambala yosavuta kukumbukira. Ngati ndi 118, lembani 118, osati 120. Masulani kalamba, yambiraninso kachiwiri. Manambala awiriwo akasiyana ndi mamilimita oposa awiri, yezaninso kachitatu modekha.

Tanthauzo la zimene mwapezazo ndi ili. Pansi pa mamilimita 115 ndi pofiira, mwana wanyentchera kwambiri. Kuyambira 115 mpaka 124 ndi pachikasu, wanyentchera ndithu koma sanafike poipitsitsa. Kuyambira 125 kupita m'mwamba ndi pobiriwira. Choncho 114 ndi wofiira, 115 ndi wachikasu, ndipo 125 ndi wobiriwira. Timivi tikagwera pa mzere wolekanitsa mitundu ndipo simukutsimikiza, tengani mtundu woipirapowo, azaumoyo akatsimikize.

Musaiwale mapazi

Kuyeza mkono kokha n'kuchita theka la ntchito. Pali mtundu wina wa kunyentchera umene umabwera ndi kutupikana, umene madokotala amautchula kuti kwashiorkor, mawu ochokera ku chiyankhulo cha Chiga cha ku Ghana, kumene dokotala Cicely Williams anafotokoza matendawa m'zaka za m'ma 1930. Thupi la mwana limasunga madzi, masaya amadzaza, miyendo imaoneka yonenepa, ndipo pa sikelo amatha kulemera kuposa mwezi watha. Anthu amamuyamikira kuti wanenepa pamene ali pafupi ndi imfa. Mkono wake ukhoza kugwera pachikasu, ngakhale pobiriwira pomwe.

Gwirani mapazi onse awiri nthawi imodzi, zala zanu zazikulu zili pamwamba pa mapaziwo. Dinikizani ndithu koma mosapweteka, muwerenge masekondi atatu mosathamanga, kenako chotsani zala. Yang'anani, ndipo sisitaninso ndi chala pamene munadinikizapo, chifukwa kadzenje kosaoneka bwino kamamveka pokhudza. Khungu likabwerera nthawi yomweyo, palibe kutupikana. Pakatsala kadzenje pa mapazi onse awiri, mwanayo wanyentchera kwambiri, kaya kalamba kaonetsa mtundu wanji. Kutupa kukafika m'miyendo ndi m'manja ndiye kuti kwakula, ndipo kukafika kunkhope ndiye kwafika poopsa kwambiri. Phazi limodzi lokha likatupa, nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala china, monga kuvulala kapena chilonda, koma naye akaonedwe. Zizindikiro zina zimene zimayenda ndi kutupikanaku ndi tsitsi lopyapyala lofiirira lothothoka mosavuta, khungu losupuka, ndi mwana wokhala ndwii, wosafuna kusewera kapena kudya.

Mwapeza mtundu, kenako chiyani?

Wofiira, kapena wotupikana mapazi onse awiri, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire tsiku la sikelo, ndipo musayambe mwayesa kumudyetsa kwambiri kunyumba kwa sabata kuti muone ngati asinthe. Mwana wotereyu chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, moti matenda oopsa amatha kumugwira osatentha thupi n'komwe. Amazizidwa msanga ndipo shuga wa m'magazi mwake amatsika msanga. Panjira mufunditseni bwino, mumukumbatire, ndipo apitirize kuyamwa kapena kudya pang'onopang'ono.

Kuchipatala akamuyezanso mkono, kulemera ndi kutalika, akafufuza matenda ena, ndipo akamupatsa chiponde chamankhwala pang'ono kuti aone ngati ali ndi chilakolako cha chakudya. Akadya bwino ndipo alibe vuto lina lalikulu, amathandizidwa akuchokera kunyumba: amalandira chipondecho ndi mankhwala opha tizilombo monga amoxicillin, ndipo amabwerera kukaonedwa pa masiku amene auzidwa, kawirikawiri sabata iliyonse. Akakana kudya, akakhala ndi matenda ena aakulu, kapena akatupa thupi lonse, amagonekedwa ndipo amayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, woperekedwa pang'onopang'ono usana ndi usiku. Amayamba mochepa chonchi dala, chifukwa mtima ndi chiwindi cha mwana wofooka sizingapirire chakudya chambiri mwadzidzidzi.

Chiponde chamankhwala ndi chosakaniza cha mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ina, ndipo paketi imodzi ya magalamu 92 imapereka makalori pafupifupi 500. Ndi mankhwala a mwana wodwalayo, ndipo mlingo wake amauwerengera potengera kulemera kwake. Ndikudziwa kuti n'kowawa kudyetsa mwana mmodzi ena akuyang'ana, koma paketi iliyonse yogawidwa imatalikitsa matenda ake. Musachisungunule m'madzi. Mwana woyamwa ayamwe kaye, kenako adye kuchokera m'paketimo, ndipo muzimupatsa madzi aukhondo akumwa chifukwa chimachititsa ludzu. Asasiye chithandizo chifukwa wayamba kuseka ndi kusewera. Mwana satulutsidwa pa chithandizochi mpaka mkono wake utafika mamilimita 125, kutupikana kutatha, ndipo azaumoyo atatsimikiza kuti wachira.

Wachikasu si woti “tionabe”. Kutsegula m'mimba kamodzi kokha n'kokwana kumugwetsera pofiira. Pitani naye kwa azaumoyo m'masiku ochepa akafufuze chimene chikumubweza m'mbuyo, akakulangizeni za kadyetsedwe, ndipo kumene kuli chakudya chowonjezera akalembedwe. Kunyumba muzimuyeza sabata iliyonse.

Wobiriwira ndi nkhani yabwino, koma pano m'pamene kulemba manambala kumathandiza. Mwana amene anali pa 142, mwezi wotsatira 135, kenako 128, nthawi zonsezi ali pobiriwira, koma akutsetsereka, ndipo amene amangoyang'ana mtundu sangaone. Yezani kamodzi pamwezi, komanso nthawi iliyonse imene wadwala kapena wasiya kudya bwino. Dziwaninso kuti kalamba sikaona zonse. Sikaonetsa kupinimbira, kumene ndi kufupika kobwera chifukwa cha kusowa zakudya kwa nthawi yaitali, sikaonetsa kuchepa kwa magazi, ndipo pali ana ena owonda amene amapezeka pokhapokha poyerekeza kulemera ndi kutalika kwawo. Choncho kusikelo musasiye.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kalamba. Mwana akamalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akalefuka moti akuvuta kudzutsa, kapena akamapuma movutikira, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale mkono uli pobiriwira.

Kwa inu amene mumayeza ana a anthu ena

Mmene mumanenera zotsatira ndi mbali ya ntchitoyi. Kholo likachititsidwa manyazi pagulu silibweranso, ndipo mwana ndi amene amavutika. Ndinaonapo mayi akubisa mwana kumbuyo atamva woyeza akufuula mtundu wa mwana wa mnzake anthu onse akumva, ndipo sindinamuimbe mlandu. Kunyentchera kumabwera ndi matenda, umphawi, kubereka pafupipafupi ndi zina zambiri zimene mayi sangazithetse yekha. Muonetseni kazenerako aone yekha, ndipo mulankhule naye chapansipansi: “Mayi, mkono wa mwanayu wafika pofiira. Chithandizo chake chilipo ndipo ana ambiri amachira, koma apite kuchipatala lero. Kodi pali chimene chingakulepheretseni?” Funso lomalizali musalidumphe, chifukwa yankho lake, kaya ndi ulendo, ana ena osowa owasiyira kapena bambo amene sanauzidwe, ndi limene lidzanene ngati mwanayo akafikedi. Mulembereni nambala, tsiku ndi zimene mwapeza pa mapazi, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri mukaone ngati anapita.

Mwana akachira n'kutulutsidwa, pitirizani kumuyeza pafupipafupi kwa miyezi ingapo, chifukwa ena amabwereranso m'mbuyo, makamaka ngati chimene chinayambitsa vutolo chikadalipo.

Kalambako kasungeni kotambasula kapena kokulunga momasuka, monga pakati pa kabuku ka mwana, kutali ndi dzuwa ndi moto. Mukayeza ana angapo, kapukuteni ndi kansalu konyowa ka sopo musanapite kwa wina, makamaka ngati wina ali ndi zilonda pakhungu. Nthawi ndi nthawi kagonekeni pa rula muone ngati manambala akugwirizanabe. Kakawonongeka kapena kakasowa, pemphani kena kwa azaumoyo. Chingwe, ulusi ndi mphira zimatamuka, ndipo kuzunguliza mkono ndi zala zanu sikungakuuzeni kusiyana kwa 113 ndi 118.